Diso limawerenga maola onse amene mwakhala padzuwa

Kumudzi kwathu, munthu akayamba kuona ngati kuli nkhungu pamene kunja kwayera, timati ndi ng'ala, ndipo timawonjezera kuti ndi ukalamba. Ukalamba ulidi ndi mbali yake, monganso fodya ndi matenda a shuga. Koma inu amene mumathyola mphesa ku Western Cape, malalanje ku Limpopo, kapena kusamala kapinga ndi maluwa pakhomo pa bwana, muyenera kudziwa kuti ntchito nayo ili ndi mbali yake, ndipo mbaliyo akatswiri anaiwerengera ndi masamu.

Mkati mwa diso muli kagalasi koyera kamene kamalowetsa kuwala. Cheza chikamakagunda chaka ndi chaka, kagalasiko kamachita chifunga mpaka munthu kulephera kuona. Vuto n'lakuti ng'ala imaonekera patapita zaka zambiri, motero n'kovuta kuloza chimene chinaiyambitsa. Apa ndi pamene masamu amathandiza.

Mu 1988, Hugh Taylor ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa asodzi 838 a ku Chesapeake Bay, m'dziko la America. Kwa msodzi aliyense anawerengera mphamvu ya dzuwa ya m'deralo, maola amene ankakhala panja, ndiponso ngati ankavala chipewa kapena magalasi. Anawonkhetsa zaka zonse kuyambira pamene munthuyo anali ndi zaka 16, kenako anamupima maso. Anapeza kuti cheza cha dzuwa chotchedwa UV-B cholowa m'diso chikachuluka kawiri, chiopsezo cha ng'ala yoyambira m'mphepete mwa kagalasi chimakwera ka 1.6. Tanthauzo lake n'lakuti diso limasunga zonse. Ola lililonse la padzuwa limawonjezera pa la dzulo, monga akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kwa anthu ena apantchito, kuwerengera kotere kunasintha malamulo. Pali cheza china champhamvu kuposa cha dzuwa, chochokera ku makina a X-ray ndi ku mphamvu za nyukiliya, chimene kawirikawiri chimawononga kumbuyo kwa kagalasi kaja. Akatswiri anatsatira kwa zaka zambiri anthu amene anapulumuka mabomba a ku Hiroshima ndi Nagasaki mu 1945, ndiponso amene anakonza malo a ngozi ya ku Chernobyl mu 1986. Masamu anasonyeza kuti cheza chochepa kuposa mmene ankaganizira poyamba chimatha kubweretsa ng'ala. Choncho mu 2011 bungwe la ICRP, limene limalangiza mayiko pa nkhani ya cheza, linatsitsa malire a diso la wantchito kuchoka pa 150 mSv kufika pa 20 mSv pachaka. Wojambula X-ray m'chipatala amavala kachipangizo kowerengera cheza chimene walandira, ndipo zotsatira zake zimalembedwa m'kaundula.

Nanga maola anu a padzuwa amalemba ndani? Kapitawo amawerenga madengu ndi mizere imene mwamaliza, osati dzuwa limene lalowa m'maso mwanu. Ng'ala ikadzafika mudzakhala mutabwerera kwanu ku Mzimba, ku Petauke kapena ku Angónia, ndipo mtolo wake udzagwera ana ndi adzukulu amene azidzakutsogolerani pa njira. Phindu lidzatsala kufamu, matenda adzapita kumudzi. Ife tikuti zimenezi si chilungamo.

Maziko odandaulira alipo. M'ndandanda wa matenda oyamba chifukwa cha ntchito umene bungwe la ILO linakonzanso mu 2010 muli matenda obwera ndi cheza cha UV. Ku South Africa, lamulo la zaumoyo ndi chitetezo pantchito la 1993 limalamula wolemba ntchito kuteteza thanzi la antchito ake, ndipo limaletsa kudula malipiro pofuna kubweza ndalama za zida zodzitetezera zimene lamulolo likufuna.

Masamu omwewo amene amasonyeza kuopsa amasonyezanso pothawira: chilichonse chochepetsa cheza cholowa m'diso chimachepetsa mtolo. Chipewa cha khonde chimatchinga gawo lalikulu. Magalasi olembedwa UV400 amatchinga pafupifupi cheza chonse chowagunda. Chenjerani ndi magalasi akuda osatchinga UV, pakuti mumdima mwana wa diso amakula ndipo cheza chimalowa chambiri. Dzuwa limaopsa kwambiri likakhala paliwombo, ndiye kupumira pamthunzi nthawi imeneyo si ulesi.

Tikukupemphani zinthu zitatu. Mukamakambirana ndi mabwana, kudzera m'bungwe lanu kapena monga gulu, ikani chipewa, magalasi ndi mthunzi pamodzi ndi nkhani ya malipiro. Sungani kabuku kolembamo mafamu kapena makomo amene mwagwirako ntchito, zaka zake ndi maola a panja. Chimene sichinalembedwe n'chosavuta kuchikana. Ndipo maso akayamba chifunga, pitani kuchipatala msanga, musathiremo mankhwala osadziwika. Ng'ala imachotsedwa ndi opareshoni yaifupi, madokotala amaikamo kagalasi kena, ndipo anthu ambiri amaonanso bwino.

Munabwera kudzagulitsa mphamvu zanu kuti ana aphunzire ndi kuti nyumba ifoleredwe ndi malata. Maso anu sanali m'gulu la zogulitsazo, ndipo mukuyenera kubwerera nawo kwanu akuona.