Kuphimba nambala si kukiya chitseko

Kampani ikasunga zambiri za makasitomala ake mu Snowflake, BigQuery kapena Redshift, njira yanzeru yotetezera nambala za foni ndi za makhadi a kubanki ndi imene akatswiri amaitcha dynamic data masking. Zomwe zili mu tebulo sizisinthidwa ayi. Lamulo limamangiriridwa pa kolamu, ndipo limagwira ntchito nthawi yomwe munthu wafunsa. Kompyuta imayamba yaona udindo wa wofunsayo: wa ku ofesi yolipiritsa amaona nambala yonse, pomwe wothandiza makasitomala pa foni amangoona manambala 4 omaliza, enawo ali nyenyezi zokhazokha. Ena amati n'kwabwino kupanga tebulo lachiwiri lomwe nambala zake zafufutidwa kale, koma matebulo obwereza amachulukana, amatsalira m'mbuyo, ndipo mawa palibe adzakumbuke komwe lina linasiyidwa. Dandaulo lomveka pa njira yophimbayi ndi lakuti chophimbidwacho chikadalipo pansi pake. Microsoft, yomwe inaika njirayi mu SQL Server 2016, imachenjeza yokha kuti munthu wololedwa kulemba mafunso momwe afunira angathe kutulukira malipiro obisika pofunsa mobwerezabwereza kuti ndani amalandira pakati pa ndalama zakuti ndi zakuti, n'kumachepetsa mpatawo mpaka yankho litaonekera. Zimenezi n'zoona, komatu zikutilozera pomwe pali ntchito yeniyeni. Lamulo lophimba limangomvera maudindo omwe anthu agawa, choncho kampani yopatsa aliyense udindo waukulu pothawa madandaulo yadzivula yokha. Oyang'anira deta aziunika mndandanda wa maudindo pafupipafupi, ndipo wosamukira ku dipatimenti ina azilandidwa chilolezo chakale tsiku lomwelo.