Yannick Noah anawina Roland Garros, kenako anathawa mu Paris

Mukafunsa anthu a ku France kuti mwamuna womaliza wa dziko lawo kutenga chikho chachikulu cha tenisi ndi ndani, yankho ndi lomwe lija la chaka cha 1983: Yannick Noah. Zaka zoposa 40 zadutsa. Kwabwera akatswiri ena ngati Jo-Wilfried Tsonga, Richard Gasquet ndi Gaël Monfils, onse aluso ndithu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene wanyamula chikho cha Grand Slam pa masewero a mmodzimmodzi. Kwa amene simutsata tenisi kwenikweni, Grand Slam ndi mipikisano inayi ikuluikulu ya pachaka: Australian Open, Roland Garros, Wimbledon ndi US Open. Azimayi a ku France awinako kangapo m'zaka zimenezi, monga Mary Pierce, Amélie Mauresmo ndi Marion Bartoli. Azibambo, ziii.

Komabe pali anthu amene akamakamba za Noah amayamba ndi kupukusa mutu. Amati munthu wamphamvu chonchija, wamtali, wodziwa kudumpha, chikho chachikulu chimodzi chokha basi? Amati ankakonda zisangalalo kuposa ntchito. Ine sindigwirizana nawo, ndipo chifukwa chake chikuyambira ku Cameroon.

Noah anabadwa pa 18 May 1960 mu tawuni ya Sedan ku France. Bambo ake, a Zacharie Noah, anali a ku Cameroon ndipo ankasewera mpira wamiyendo mu timu ya Sedan yomwe inawina Coupe de France mu 1961. Mayi ake, a Marie-Claire, anali a ku France konko. Bambowo atavulala mpira unathera pomwepo, ndipo banja linasamukira ku Yaoundé Yannick ali ndi zaka zitatu. Kumeneko ndiye kunali kwawo.

Mu 1971, Arthur Ashe, katswiri wachikuda wa ku America yemwe anali atawina kale US Open, anafika ku Yaoundé pa ulendo wozungulira maiko a mu Africa. Anaona kamnyamata ka zaka 11 kakumenya mpira mwa mtundu wina. Anakapatsa racket, kenako analankhula ndi Philippe Chatrier, mmodzi wa akuluakulu a tenisi ku France, kuti pali mwana kuno mubwere mudzamuone. Pasanapite nthawi yaitali, Yannick anali ku Nice, pa sukulu yogonera konko yophunzitsa masewero.

Nkhani imeneyi anthu amaikonda kwambiri, ndipo amaifotokoza ngati nthano yokoma. Zoona, ndi mwayi wosowa. Koma taganizirani mbali inayi. Mwana wosakwana zaka 13, makolo ndi alongo ake ali kutsidya kwa nyanja, kulibe WhatsApp, kulibe zoimbirana pa vidiyo, kuli kalata basi ndi telefoni yodula. Tsiku lililonse akuuzidwa kuti chimene wabwerera kuno ndi kuwina. Amene munapitako ku sukulu yogonera konko muli aang'ono mukudziwa mmene usiku woyamba umakhalira. Ndiye uyu sankabwera kunyumba pakatha teremu iliyonse ayi.

Zinamuyendera. Mu 1978 anasewera limodzi ndi Ashe yemweyo ku Wimbledon pa masewero a awiriawiri. Ndipo mu 1983, ali ndi zaka 23, anafika ku Roland Garros ali pa moto. Bwalo la kumeneko ndi la dothi lofiira, lomwe limachedwetsa mpira, choncho ambiri amene amawina ndi aja oima kumbuyo n'kumabweza mpira mpaka mnzawo atatopa. Noah ankachita zosiyana. Ankamenya mpira n'kuthamangira pa ukonde, kukathetsa nkhani pomwepo, masewero oika moyo pachiswe pa dothi. Mu ndime ya makotafainolo anagonjetsa Ivan Lendl, seti yomaliza 6-0, ndipo seti imodzi imene Lendl anatenga ndi yokhayo imene Noah analuza mu mpikisano wonse. Pa 5 June anakumana ndi Mats Wilander wa ku Sweden, mnyamata wa zaka 18 amene anali atawina chikhochi chaka chapitacho. Zinatha 6-2, 7-5, 7-6. Mwamuna wa ku France anali asanawine pamenepo kuyambira Marcel Bernard mu 1946.

Kanema wa mphindi imeneyo alipo pa YouTube, ndipo ndikukulimbikitsani kuti mukamuone ngakhale tenisi simuikonda. Noah akugwada pa dothi, akudzuka, ndipo bambo ake akutsika kuchoka mu gulu la anthu kulowa m'bwalo. Akukumbatirana, onse akulira. Ine ndikamaonera pamenepo sindiona za chikho kwenikweni. Ndimaona bambo amene anatumiza mwana wake kutali ali wamng'ono, ndi mwana amene wakhala zaka zoposa khumi akuyesetsa kusonyeza kuti ulendowo sunapite pachabe.

Chimene chinatsatira ndi chomwe a kupukusa mutu aja sakonda kutchula. Patangopita miyezi yochepa, Noah anayamba kuvutika maganizo koopsa. Mu Paris sankatha kuyenda mumsewu osazunguliridwa, aliyense akufuna kachidutswa kake, koma mumtima muli mbee. Kumapeto kwa chaka chomwecho anaitana atolankhani n'kuwauza poyera kuti zinthu sizili bwino, ndipo wakhala akufotokoza kuti usiku ankayenda yekha m'mbali mwa mtsinje wa Seine akuganiza zodziponyamo. Anasamukira ku New York, kumene anthu ambiri sankamudziwa.

Tiime kaye apa. Chinali chaka cha 1983. Masiku ano Naomi Osaka kapena Simone Biles akanena kuti akufuna kupuma chifukwa cha maganizo, pamakhala anthu owaikira kumbuyo, ngakhale onyoza sasowa. Nthawi imeneyo mwamuna, ngwazi ya dziko lonse, wandalama, kunena zotere pamaso pa makamera chinali chinthu chachilendo. Funso limene anthu amafunsa pa nkhani ngati iyi timalidziwa tonse, chifukwa nafenso timafunsana: ukudandaula chiyani iwe zonse uli nazo? Mnzathu akapeza ntchito imene tonse timailakalaka, kapena akakwera ndege kupita kunja, timamuchotsa pa mndandanda wa anthu oyenera kufunsidwa kuti muli bwanji. Noah anali atathamangira chinthu chimodzi kuyambira ali mwana. Atachigwira, panalibe amene anamukonzekeretsa za m'mawa wa tsiku lotsatira.

Sanasiye kusewera. Mu 1984 anawina Roland Garros ya awiriawiri ndi Henri Leconte. Mu 1986 anafika pa nambala 3 pa dziko lonse, komanso pa nambala 1 pa awiriawiri. Zikho za mmodzimmodzi anatenga 23. Ku Wimbledon kokha zinkamukanika, sanadutsepo ndime yachitatu, ndipo fainolo ina ya Grand Slam sanafikenso. Amene akufuna kuwerenga zikho zokha ali ndi mfundo, sindikana. Lendl anatenga zisanu ndi zitatu, Wilander zisanu ndi ziwiri.

Koma onani zimene anachita atakhala kaputeni wa timu ya France mu Davis Cup, mpikisano wa maiko. Mu 1991 fainolo inali ku Lyon, ndipo adani anali America ya Andre Agassi ndi Pete Sampras. France inali isanawine chikhochi kuyambira 1932. Noah anasankha Leconte, munthu amene anali atangochitidwa opaleshoni ya msana ndipo anali atatsika kutali pa mndandanda wa osewera. Ambiri anaona ngati kaputeniyo wasokonezeka. Leconte anagonjetsa Sampras, kenako iye ndi Guy Forget anawina awiriawiri, ndipo Forget anamalizitsa ntchito pogonjetsanso Sampras. Timu yonse inavina mozungulira bwalo nyimbo ya Noah yemweyo yotchedwa Saga Africa, yomwe inatuluka chaka chomwecho. Anawinanso Davis Cup mu 1996 ku Sweden ndi mu 2017 ku Lille, komanso anatsogolera azimayi a France kutenga Fed Cup yawo yoyamba mu 1997.

Maganizo anga ndi akuti luso limeneli silinangogwa kumwamba. Munthu amene anaona yekha mmene kusungulumwa kumapwetekera pamwamba penipeni, anadziwa mmene angayankhulire ndi wosewera amene aliyense wamutaya. Tenisi ndi masewero a munthu mmodzi, ndipo Noah ankasangalala kwambiri akakhala pa gulu. Mwina n'chifukwa chake mbiri yake ya ukaputeni ikuposa ya kusewera.

Za kuimba sindichulutsa, ngakhale kuti achinyamata ambiri a ku France amamudziwa ngati woimba kuposa wa tenisi. Mu 2010 anadzaza Stade de France, ndipo kwa zaka zingapo ankatsogola pa kafukufuku wa nyuzipepala ya Le Journal du Dimanche wofunsa munthu amene a ku France amamukonda kwambiri. Mwana wake Joakim anasankha basketball n'kukasewera mu Chicago Bulls. Chondikhudza kwambiri ine ndi bungwe la Fête le Mur lomwe analiyambitsa mu 1996, lopititsa tenisi kwa ana a m'madera osauka a m'mizinda ya ku France. Iye anapezeka chifukwa choti tsiku lina mlendo anadutsa ku Yaoundé. Bungweli limapita kwa anawo komwe akukhala, osadikira mlendo.

Bambo ake anamwalira mu January 2017. Kuchokera pamenepo Noah amakhala nthawi yambiri ku Etoudi, dera la makolo ake mu Yaoundé, kumene analowa ufumu wa mudzi. Ku Paris amapitabe. Mu 2023, pokumbukira zaka 40 chiwinireni, anakaimba pa bwalo lomwe lija la Roland Garros, lomwe tsopano limatchedwa dzina la Philippe Chatrier, ndipo Mats Wilander anakwera pa nsanja kukaimba naye.