Tileke kuponya zonse mu "Object"

Ise amene timalemba mapulogalamu tidziwa mmene JSON imavutila. Lelo "amount" yabwela ngati nambala, 50. Mawa yabwela ngati mau, "50.00". Tsiku lina yabwela null. JSON siletsa zimenezi. Ili cabe ndi string, number, boolean, null, object ndi array, ndipo siuza munthu kuti field yakutiyakuti ikhale mtundu uti.

Manje ambili a ise timacita ciani? Mu Java tilemba Object, mu TypeScript tilemba any, compiler n'kukhala zii. Tiona monga vuto yasila, koma tangoikankhila kutsogolo. Idzatulukila pa foni ya mayi amene walipila ndi mobile money, pulogalamu n'kumuuza kuti sanalipile cifukwa "50.00" ndi 50 sizinafanane.

Ise tikuti data ifunsidwe pakhomo. Ikangolowa, tiisandutse mtundu umene tausankha tekha, mkati monse mukhale cinthu cimodzi. Ndalama tizisunge mu ngwee, K50 ikhale 5000, kapena mu BigDecimal, osati mu double imene ikaphatikiza 0.1 ndi 0.2 sipeleka 0.3 yeniyeni. Nambala ya foni si nambala yoŵelengela, kaili palibe amene amaphatikiza mafoni aŵili. Mukaisunga ngati integer, 0 wa kutsogolo kwa 097 kapena 096 asoŵa. NRC nayo ni mau cabe, ili ndi ma slash ake.

Nanga ngati field ili ndi maonekedwe aŵili azoona, monga yankho imene imabwela ndi lisiti ngati zayenda, kapena ndi uthenga wa colakwa ngati zakanga? Apa tipatse maonekedwe alionse class yake. Kotlin ili ndi sealed class, Java inakhazikitsa zake mu Java 17 mu 2021, TypeScript ili ndi union. Mukaonjezela mtundu wacitatu n'kuiŵala kuusamalila, "when" ya Kotlin ikana ku-compile, ndipo mudziŵa musanatumize kwa kasitomala.

Ena adzati ni nchito yambili pa ka app kang'ono, deadline ili Friday. Zoona, ma class aculukilako. Koma ngakhale Twitter inafika poonjezela "id_str" pambali pa "id", cifukwa JavaScript imasokoneza manambala opitilila ma bit 53. Ndipo cimene cabwela m'maonekedwe amene sitiwadziŵa, pulogalamu icikane pomwepo ndi kulemba mu log, osati kuyesa kulotela kuti mwina wotumiza anatanthauza 0.