Yakale Ikadali Kugwira, N'chifukwa Chiyani Tikuikayikira?

Kuno ku Phalombe palibe amene amataya njinga chifukwa choti kwabwera ina yowala. Bola tcheni, masipoko ndi mabuleki ake zikupezeka pa Migowi, wakabaza apalasabe mpaka ku Chiringa. Koma tsiku limene zipangizozi zidzasowe m'mashopu, njingayo idzakhala yatha, ngakhale ikuyendabe.

Ndi mmenenso zilili ndi database. Database ndi pulogalamu ya pa kompyuta yomwe imagwira ntchito ngati kaundula wamkulu. Chiwerengero cha odwala malungo komanso cha ana olandira katemera m'zipatala zathu chimalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu yopangidwa ku University of Oslo ku Norway, yomwe Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito. Pansi pa DHIS2 pali database yotchedwa PostgreSQL, ndipo ndi imene imasunga manambalawo.

PostgreSQL yatsopano imatuluka chaka chilichonse, ndipo iliyonse amaisamalira kwa zaka 5. Kusamalira kwake n'kotere: akapeza bowo limene akuba a pa intaneti angalowerepo, amakonza chigamba n'kutumizira onse. PostgreSQL 12 inatuluka mu 2019, chigamba chake chomaliza chinabwera mu November 2024, basi. MySQL, database ina yotchuka, ili ndi njira ziwiri. Pali zatsopano zotuluka pafupipafupi, ndiye pali za LTS, zomwe amalonjeza kuzisamalira kwa nthawi yaitali. MySQL 8.4 ya mu April 2024 ndi ya LTS, ndipo chisamaliro chake chikhoza kufika zaka 8.

Ine ndili kumbali ya LTS, sindibisa. Mwina mukuti, "Aa, bwanji osangoika yatsopanoyo?" Kusintha database si ngati kusintha nyimbo pa foni, anzanga. Pamafunika kuyamba mwakopera zonse pamalo ena, kuyesa ngati mapulogalamu onse odalira database ija akugwirizana ndi yatsopanoyo, kenako magetsi osazimazima, netiweki yabwino ndi katswiri woti akhalepo zikavuta. Magetsi akathima ntchito ili pakati, kaundula akhoza kusokonekera. Inu mukukumbukira March 2023, namondwe Freddy atakokolola misewu ndi milatho kuno. Kodi nthawi ngati imeneyo munthu angaganize zosintha database? Dziko la akatswiri ochepa ngati lathu limafunika pulogalamu yoti ukaiika lero, ukhale nayo zaka zingapo mtima uli m'malo.

Komabe opanga mapulogalamuwa sindingawadzudzule kuti amasiya zakale. Bowo limodzi likapezeka, chigamba chimayenera kusokedwa ndi kuyesedwa pa mtundu uliwonse umene akuusamalirabe. Akati asunge mitundu yonse kuyambira kalekale, ya mawa adzaipanga liti?

Chimene chimandiopsa ine n'chakuti tsiku lomaliza likafika sipalira belu. Kompyuta imayaka monga mwa masiku onse, kaundula amatseguka, aliyense n'kumati zili bwino. Chonsecho mabowo atsopano akupezekabe, ndipo wowatseka palibe. Ngati m'kaundulamo muli mayina a odwala ndi matenda awo, imeneyo si nkhani yamasewera. Ndiye zaka 5 kapena 8 zija si zogonera, ndi zokonzekera kusamuka.

Mukafika kunyumba, bwerekani foni ya Android, lowani mu Settings, mufufuze pamene palembedwa za security update. Muone deti lake. Mafoni ambiri amene tili nawo m'midzimu anasiya kalekale kulandira zigamba.