Ulendo Wopanda Funso

M'sukulu za ukachenjede za padziko lapansi muli mwambo wobwerekana ophunzira. Sukulu ziwiri za m'maiko osiyana zimagwirizana kuti wophunzira wa zamalonda achoke pa sukulu yake, akakhale miyezi inayi kapena isanu pa sukulu inayo. Fizi amalipira kwawo, ndipo mayeso amene wakhoza kuchilendoko amawerengedwa ngati kuti walembera kwawo komweko. Ku Ulaya ndondomeko yotchuka ya mtunduwu ndi ya Erasmus, imene inayamba mu 1987, ndipo kuyambira mu 2015 inatsegula khomo kwa ophunzira a maiko akutali, kuphatikizapo a mu Africa. Mwayi wotere ukagwera mwana wa ku Malawi, mudzi wonse umakondwera. Mbuzi imaphedwa, abale amaperekeza mpaka ku bwalo la ndege ku Lumbadzi, ndipo aliyense amafunsa za pasipoti ndi malaya a mphepo. Funso limene limaiwalika ndi limodzi lokha: kodi mwanayu akukatenga chiyani?

Kusafunsa kumeneku ndi matenda, ndipo matendawa agwira ophunzira, makolo ndi aphunzitsi omwe. Ambiri akhulupirira kuti kuponda dziko la eni ndiko kuphunzira, kuti amene wakwera ndege wasanduka kale katswiri. Chifukwa cha maganizo otere, ulendo umene unayenera kukhala ntchito umasanduka mphoto. Wophunzira amanyamuka mutu uli mbee, nabwerako ndi zithunzi, foni yatsopano ndi Chingerezi cha m'mphuno. Wotereyu wataya ndalama, wataya nthawi, ndiponso watsekereza mnzake amene akanapita ndi cholinga. Mwana wa dziko losauka sayenera kulowa m'sukulu ya zamalonda ya kunja ngati munthu wodzaona malo. Ayenera kunyamula funso la kwawo, ndipo ngati funso alibe, kuli bwino atsale.

Kwa amene anakulira ku Wimbe, m'chidikha cha fodya cha kum'mawa kwa tauni ya Kasungu, funso silisowa. Iye anaona makolo ake akuthirira nazale ndi makheni m'dzuwa la Okutobala, akuwokera mbande mvula itagwa, akuthira feteleza, akuthyola masamba, akusoka ndi kupachika m'chigafa. Anawaona akusankha magiredi mpaka usiku, akudinda mabelo pa jeke, kenaka akudikira masabata kuti fodya alowe ku okushoni ya Chinkhoma kapena ya Kanengo. Ntchito yonseyi imadya pafupifupi chaka chathunthu. Komatu kwa zaka zambiri kilogalamu imodzi ya fodya wa burley yakhala ikugulidwa pakati pa dola imodzi ndi madola atatu. Kilogalamu ya fodya imatulutsa ndudu zoposa 1,000, ndiye kuti mapaketi 50 a ndudu 20, ndipo m'mizinda ya ku Ulaya paketi imodzi yokha imadula kuposa ndalama imene mlimi analandira pa kilogalamu yonseyo. Gawo lalikulu la mtengowo ndi msonkho wa maboma a kumeneko, lina ndi la opanga ndudu, lina la ogulitsa. Nanga n'chifukwa ninji amene anagwira khasu ndiye amatola nyenyeswa?

Yankho la funsoli lili m'maphunziro omwewo amene sukulu za zamalonda zimaphunzitsa. Ogulitsa fodya ndi alimi zikwizikwi, koma ogula akuluakulu amawerengeka pa zala: Limbe Leaf, imene gawo lake lalikulu ndi la kampani ya Universal Corporation ya ku Richmond ku America, Alliance One, JTI, imene likulu lake lili ku Geneva, ndi ena ochepa. Pamene ogulitsa achuluka ndipo ogula achepa, wotchula mtengo amakhala wogula. Kuyambira mu 2012 fodya wambiri wakhala akugulitsidwa pa kontirakiti: kampani imapereka mbewu ndi feteleza pa ngongole, nidzadula ndalama yake tsiku logulitsa, kotero kuti mlimi wosadziwa kuwerenga pepala la mgwirizano amasaina chimene sakuchimva. Feteleza amachokera kunja, ndipo pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nigwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa thumba unakwera nawo. Mu 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana ndi anthu mokakamiza. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inaletsa ulimi wa matenanti. Mu 2023 Malawi analowa m'pangano la bungwe la zaumoyo la WHO lochepetsa kusuta fodya. Migwirizano, ngongole, mphamvu ya ndalama, mbiri ya katundu pamsika, kufota kwa msika: mitu yonseyi ili m'mabuku a zamalonda, ndipo yonse imathera pakhomo pa mlimi wa ku Wimbe.

Tsono apa mpamene wopita ndi funso amasiyana ndi wopita chimanjamanja. Sukulu zambiri za zamalonda zimatsata njira imene inatchuka ku Harvard Business School m'zaka za m'ma 1920. Ophunzira amapatsidwa nkhani yeniyeni ya kampani imene inakumana ndi vuto, ndipo amakangana m'kalasi za chimene mwini kampaniyo anayenera kuchita. Wopanda funso amamvera nkhani za Toyota ndi Coca-Cola monga nthano za kuchilendo. Amaloweza, amakhoza mayeso, amaiwala. Wafunso amamva ndi makutu ena. Akamva kuti mu 1946 alimi a ng'ombe za mkaka a ku Anand, m'dziko la India, atatopa ndi mitengo yotsika ya kampani imodzi, anapanga kopaletivi yawo, nayamba kukonza okha mkaka wawo mpaka dzina loti Amul linamveka India yense, iye amakumbukira mtedza ndi soya za ku Kasungu zimene zimathera pa sikelo ya venda zikadali zosakonza. Amakumbukira kuti bungwe la NASFAM linabadwa kuchokera m'makalabu a alimi a burley chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo amakweza dzanja kufunsa chimene chimalimbitsa kopaletivi ina pamene ina ikugwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wophunzira wosafunsa amabwera ndi phula la maphunziro, uchi atausiya komweko.

Boma la Kasungu lili ndi ana awiri otchuka amene mbiri zawo ziyenera kuikidwa pamodzi pa nkhani imeneyi. Woyamba ndi Dr Hastings Kamuzu Banda. Iye anachoka kwawo wapansi ali mnyamata, nagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku South Africa, nafika ku America mu 1925. Anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry mu 1937, nawonjezera ena ku Edinburgh. Pamene anabwerera mu 1958, patapita zaka zoposa 40, ankalankhula ndi anthu ake kudzera mwa womasulira. Palibe angatsutse kuti anali wophunzira kwambiri, kapena kuti anatsogolera dziko pa nkhondo yothetsa chitaganya. Koma mu ulamuliro wake mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima burley; fodya wopindulitsayo anali wa maesiteti, mpaka lamulo linayamba kumasulidwa mu 1990. Bungwe la ADMARC, limene linakhazikitsidwa mu 1971, linkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mtengo wotsika, phindu lake n'kumakathandiza kukuza maesiteti omwewo. Ku Mtunthama, kufupi ndi Wimbe, anatsegula Kamuzu Academy mu 1981, kumene ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Mbiri imeneyi ikuonetsa poyera kuti zaka zambiri za kunja ndi madigiri ambiri sizikweza pazokha mtengo wa belo la mlimi.

Wachiwiri ndi William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe komweko. Njala ya 2001 ndi 2002 itasesa nkhokwe, makolo ake, amene anali alimi a chimanga ndi fodya, analephera kumulipirira fizi pa sukulu ya sekondale ya Kachokolo. Ali ndi zaka 14, anabwereka buku la sayansi m'kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, natola zitsulo zotayidwa, zipangizo za njinga ndi mitengo ya bulugamu, namanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Mu 2007 anaitanidwa kukalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha. Mu 2008 analowa African Leadership Academy ku Johannesburg, sukulu imene imaphunzitsanso utsogoleri ndi kuyambitsa bizinesi, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Chofunika kuchiona ndi dongosolo la zinthuzi. Funso linabwera poyamba, ulendo pambuyo. Mdima wa m'nyumba ndi kuuma kwa munda ndizo zinamutuma, ndipo chifukwa chake zipatso za ulendowo zinabwerera kwawo: mpope wa madzi woyendera dzuwa m'mudzi mwake, ndi makalasi atsopano pa sukulu ya Wimbe amene bungwe la Moving Windmills Project linathandiza kumanga.

Alipo ena amene amati kupita kunja n'kutaya ndalama basi, popeza zonsezi zimaphunzitsidwa ku MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic, ndi ku Bunda. Iwo akunena zoona pang'ono: maziko ayenera kumangidwa kwawo, ndipo wosakhoza ku Blantyre sangakhoze ku Ulaya. Koma akuiwala kuti fodya wa ku Wimbe sathera ku Kanengo. Amawoloka nyanja, wambiri n'kutsikira pa doko la Antwerp ku Belgium, ndipo amene amaganiza za kuchuluka kwa fodya wofunika chaka chamawa amakhala m'maofesi a ku Richmond ndi ku Geneva. Wogulitsa amene sanaonepo m'mene wogula amaganizira amalowa mumsika maso ali otseka. Kukhala m'kalasi limodzi ndi ana a maiko ogulawo, kumva chimene amachiopa ndi chimene amachilipira mosadandaula, ndi nzeru imene munthu sangaipeze yonse m'buku.

Ena amati mnyamata kapena mtsikana wa zaka 20 asasenzetsedwe mudzi wonse pamutu; aloledwe kusangalala monga amachitira anzake a ku Ulaya. Palibe akuletsa kuseka, kuyenda kapena kupala ubwenzi. Koma mwana wa ku Germany akataya miyezi inayi ku Spain, dziko lake silimva kanthu, pakuti anzake opita ndi zikwi zambiri chaka chilichonse. Ku Malawi opita ndi owerengeka. Ndiponso madola ogulira tikiti ya ndege sagwa ngati mvula: kwa zaka zambiri pafupifupi theka la ndalama zimene dziko linkapeza pogulitsa katundu kunja linkachokera ku fodya. Wophunzira amene wakwera ndege wakwera pa msana wa mlimi, afune asafune. Amene wadya za m'chigafa ali ndi ngongole ndi chigafacho. Otsutsa ena amati miyezi inayi ndi yochepa. Ndi yochepadi kwa wofuna kudziwa zonse, koma kwa wofuna yankho la funso limodzi ndi yokwanira.

Chifukwa chake sukulu zotumiza ophunzira ziyenera kusintha kasankhidwe kawo. Mwayi usapite kwa wodziwa Chingerezi chokoma chokha, kapena kwa amene ali ndi malume ake mu ofesi. Wofuna kupita alembe funso lake pa pepala, alitchule poyera, aonetse kuti analipeza kuti. Asananyamuke, akhale tsiku lathunthu ku Chinkhoma, atenge pepala la malonda la mlimi mmodzi, awerenge ndalama iliyonse imene yadulidwa: ya mayendedwe, ya okushoni, ya mabungwe, ya ngongole. Akabwerako, asangopereka lipoti la Chingerezi loti likagone m'kabati. Akaime pamaso pa kalabu ya alimi, afotokoze m'Chichewa chimene wapeza, ayankhe mafunso a amayi ndi abambo amene sanapite ku sukulu koma amadziwa mtengo wa thumba la feteleza. Wolephera kufotokoza chiwongoladzanja kwa agogo ake ndiye kuti iye mwini sanachimve. Ndipo popeza mgwirizanowu ndi wobwerekana, sukulu za ku Malawi zilimbe mtima kupempha kuti ophunzira a kunjako nawonso abwere, agone ku Wimbe, aone kumene ndudu imayambira.

Tsiku likudza pamene dziko lapansi lidzafuna fodya wochepa kuposa lero, ndipo minda ya ku Kasungu idzafunika mbewu zina, ogula ena ndi anthu odziwa kukambirana mtengo popanda kugwada. Anthu amenewo ali m'makalasi a sekondale tsopano lino. Ena mwa iwo adzapatsidwa miyezi inayi kuchilendo. Mwambi wa alimi omwewo umati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Nzeru imene yatsala m'zithunzi za pa foni ndi ya mphepo. Imene yalowa m'buku la kalabu, nisintha chimene mlimi asaina ndi chimene alandira, ndiyo ingatchedwe ya Amalawi.