Msinkhu wa wogula umalowa pa mtengo wa bizinesi

Mphepo ya mwera ikalimba pa nyanja, usipa n'kusowa, pa Khombedza pamamveka za anthu ogulitsa mabizinesi awo: wina chigayo, wina boti ndi chilimira chake chomwe. Wogulitsa wochenjera amayamba wayang'ana msinkhu wa amene wabwera kudzafunsa mtengo, ndipo salakwitsa.

Kafukufuku wa Soojin Yim, yemwe anatuluka mu 2013 pa makampani akuluakulu a ku America, anapeza kuti mkulu wa kampani akamakula, chidwi chake chogula makampani ena chimachepa. Nkhani yagona pa malipiro. Kampani ikameza inzake, malipiro a bwana amakwera osatsikanso, choncho wachinyamata amadyerera zaka zambiri kuposa amene watsala pang'ono kupuma pa ntchito. Mark Zuckerberg anali ndi zaka 27 zokha pomwe Facebook inagula Instagram mu 2012 pa mtengo wa madola 1 biliyoni.

Koma mabwana ambiri a m'kafukufukuyu ndi olembedwa ntchito, ndipo amagula ndi ndalama za eni masheya. Mnyamata wa pa Khombedza amagula ndi ngongole ya ku banki m'khonde, pena ya katapila. Chigayo chikakhala masiku osagaya chifukwa magetsi athima, chiwongoladzanja sichiima, ndipo zomwe zimalandidwa ndi mbuzi ndi malata ake. Kutengera mtima wa mabwana a kunja pamenepa n'kudziika dala m'mavuto.

Imvi nazonso sizimanga manja. Pierre Castel anali atayandikira zaka 90 pomwe kampani yake inagula gawo lalikulu la Carlsberg Malawi mu 2016. Iye anali mwini, ndipo mwini amawerengera ana ndi adzukulu, monga achitira bambo wa m'mbali mwa nyanja wogula boti lachitatu pomwe iye anasiya kale kupita pamadzi.

Kwa wogulitsa, kusiyana kumaonekera pa kalipiridwe. Wachinyamata kawirikawiri amavomera mtengo msanga koma amapempha kulipira pang'onopang'ono, ndiye pamafunika kalata yosainirana pamaso pa mboni ndi amfumu, yotchula tsiku lomalizira ngongole. Wachikulire amanenerera mpaka kutopetsa. Amafunsa za bilu ya ESCOM yotsalira, mapepala a malo, ndi chaka chomwe injini inakonzedwa komaliza, mwinanso n'kubwera ndi makaniko wake. Mtengo wake umakhala wotsikirapo, koma nthawi zambiri ndalama amapereka zonse pakamodzi.