MAFUTA A MNENERI SAFUFUTA CHIDINDO CHA CHALA

Abale ndi alongo mwa Ambuye, lero ndilankhula mosapsatira, wokwiya akwiye. Nkhani yanga ndi ya ana athu a kuno kwa Njombwa amene akupita ku Joni, komanso anthu amene akuwadyera ndalama m'dzina la Yesu.

Mukudziwa mmene zimakhalira. Mnyamata wagulitsa fodya ku Chinkhoma, kapena bambo ake agulitsa ng'ombe, ndalama ya basi yapezeka. Asananyamuke apita kwa mneneri. Wina amuuza kuti pa boda asalole kuika chala pa makina chifukwa ndi 666. Wina, wochenjera kuposa woyambayo, amugulitsa kabotolo ka mafuta kuti apake m'zala, ati makinawo achita khungu. Onse awiri ndi akuba, kusiyana kwake n'kwakuti wachiwiriyu amaba masana.

Inu amene mukuti kudinda chala ndi chizindikiro cha chilombo, tandiyankhani. Mu 2017 a NRB atabwera kudzalemba anthu chiphaso cha unzika, simunaike zala zanu pa makina? Munaika. Chiphaso chomwecho mwalembetsera nambala ya foni, mwagulira feteleza wa AIP, mwakavotera. Ndiye chilombocho chinali m'tulo nthawi yonseyi, n'kudzadzukira pa Beitbridge? Werengani bwino Chivumbulutso 13. Nkhani ya mmenemo ndi ya kulambira, munthu kupereka mtima wake kwa chilombo. Ofisala wa pa boda sakufuna mtima wanu ayi, akufuna adziwe ngati nkhope ndi zala zikugwirizana ndi pasipoti. Ngakhale Yosefe ndi Mariya anayenda mpaka ku Betelehemu kukalembedwa pa lamulo la Kaisara Augusto, ndipo Mpulumutsi anabadwira pa ulendo umenewo. Komanso mneneri wanuyo akamakwera ndege ku Lilongwe, pasipoti yake anaipeza bwanji osadinda chala?

Tsono mvetsetsani mmene lamulo la ku South Africa lilili, chifukwa apa ndi pamene ana athu akugwera. Mmalawi amapatsidwa masiku 30 polowa. Kuyambira 2014, ukapyola masikuwo amakuletsa kulowanso chaka chimodzi, ndipo ukapyola ndi masiku oposa 30 chiletso chake ndi zaka 5. Kale munthu ankabwerera kumudzi, kusintha dzina, kutenga pasipoti ina, n'kupitanso ngati mlendo watsopano. Masiku ano dzina ungasinthe, koma chala ndi chomwecho chimene unabadwa nacho. Mulungu sanapange zala ziwiri zofanana, ngakhale za mapasa. Aleluya! Ndiye mukufuna mafuta a m'botolo afufute chimene Mlengi analemba yekha mwana asanabadwe?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Mwana akaopsezedwa ndi 666, kapena akadziwa kuti ali ndi chiletso, sadutsa pa chipata. Amatsika basi n'kulowa m'tchire usiku kukawoloka Limpopo. Kumeneko kuli ng'ona, kuli magumaguma olanda mafoni ndi kugwiririra atsikana athu. Akapulumuka apo, tsiku lina apolisi amugwira pa msewu, amutengera ku Lindela, ku Krugersdorp, ndipo zala zomwe ankabisa zija azidinda zonse khumi. Mneneri nthawi imeneyo foni yake siyankhidwa. Amene amabwera kudzalira pa guwa ndi mayi ake.

Sindikuti a boma ndi angelo. Mu February 2024 tinamva Pulezidenti Chakwera akuuza nyumba ya malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowereredwa ndi akuba a pa intaneti, ndipo anthu anadikira masabata osapeza pasipoti. Amene akusunga zala zathu tiwafunse ndithu kuti akuzisunga bwanji, ndi ufulu wathu. Koma funso limenelo n'lopita ku Immigration ndi kwa a MP, osati kwa munthu wogulitsa mafuta.

Amayi, mwana wanu akanena za ulendo wa ku Joni, mufunseni kuti akuonetseni pasipoti, ndipo akafika akutumizireni chithunzi cha tsiku limene amudindira. Amene muli ndi timabotolo tija m'nyumba, bwerani nato Lamlungu, tikatithire kudzala tikatha mapemphero. Tumizani uthengawu kwa achibale amene ali ku Joni.